Amene Amameta Mutu wa a Chikoti

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, Loweruka lililonse masana, mayi Tisiyenji Chikoti akhala akumeta amuna awo. Amatulutsa kampando pakhonde, beseni la madzi ofunda, kachidutswa ka sopo ndi lezala. A Overton Chikoti amakhala pansi, n'kukoleka chitenje m'khosi, n'kutsinzina. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo sakonda kuima patsogolo pa anthu Lamulungu ali ndi tsitsi losameta. Ometa ndi makina alipo ambiri pa Nsaru, koma a Chikoti amati makina amakoka tsitsi. Akazi awo amangoseka, chifukwa akudziwa kuti ubwino wa pakhonde n'ngwakuti sipalipiritsa.

M'mudzi mwathu mayiwa timawatchula kuti a Nambewe. Adabadwira ku Kabudula. Sukulu adalekeza sitandade sikisi, chaka chomwe mayi awo adayamba kudwala, poti iwo ndiwo adali mwana wamkazi woyamba ndipo ang'ono awo ankafuna wowaphikira. Atakwatiwa adabwera kuno chitengwa, chifukwa a Chikoti sakadasiya munda wawo wa fodya. Mkazi wa chitengwa, ngakhale imvi zim'merere pamudzipo, pa nkhani zikuluzikulu amakhalabe mlendo. Mwamuna akadwala kwambiri, oyankhula ndi abale ake. Kwa a Chikoti woyankhulayo adali mlongo wawo wamkulu, a Edith, amayi opemphera, a mawu amphamvu, omwe adawabereka kumbuyo a Overton ali khanda.

Fodya wa a Chikoti amatchuka mpaka ku Nambuma. Dzina lolembedwa pa mabelo ndi lawo. Koma kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo, kuthyola, kusoka, kusankha masamba mpaka maso kuwawa, zonsezi a Nambewe amakhalapo. Pa belo palibe malo olembapo amene adasoka. Chomwe amachitcha chawo ndi kamunda ka mtedza kuseri kwa dambo.

M'mwezi wa Marichi 2019, Lachinayi lina, awiriwa ankapachika fodya m'chigafa. A Nambewe ankapereka mikangala, a Chikoti n'kumapachika. Atawerama kuti atole mkangala womwe udagwa, podzuka adagunda mutu ku mtanda wa chigafa. Mtandawo udali wa bulugamu wouma, ndipo udalira ngati wamenyedwa ndi nkhwangwa. A Chikoti adakhala pansi kanthawi atagwira mutu.

"Mwapweteka, abambo ake Hilda?"

"Funsani mtandawu, ndiwo wapweteka," adatero akuseka, n'kudzuka kupitiriza ntchito.

Magazi sadatuluke. Loweruka pometa, a Nambewe adapeza chotupa chonga dzira la njiwa pamwamba pa khutu lamanzere. Adachilambalala ndi lezala. Loweruka lotsatira chidali chitaphwa, ndipo a Chikoti adaiwaliratu.

Patapita mwezi ndi masiku, mutu udayamba kuwawawa. Kenaka mwendo wamanja udayamba kukokera pansi, mawu n'kumatuluka olemera ngati lilime lakula. Lamulungu lina adapatsidwa kuti awerenge Mawu. Adabwereza mzere umodzi katatu, ndipo potsika paguwa adadzandira n'kugwera pa benchi la kwaya. Pofika madzulo m'mudzi monse mudali nkhani imodzi: mkulu wa mpingo wayamba kachasu.

Lachiwiri kudabwera a Gideoni, mlembi wa sesoni, lomwe ndi bwalo la akulu a mpingo. Adali ndi kalata m'kati mwa Baibulo. A Chikoti adali chigonere, ndiye adawalandira ndi a Nambewe.

"Mayi, musandione ine, ndatumidwa. Anthu awiri akuti adawaona akudzandira panjira yochokera kumene amatcheza kachasu kuja."

"Njira imeneyo ndi yopitanso kudimba kwathu, a Gideoni."

"Nanga mawu aja? Munthu wowerenga Baibulo zaka zonsezi, kulephera kutchula Yerusalemu?"

"Malaya awo ndimachapa ndine. Kapu yawo ndimatsuka ndine. Mowa ukadalowa m'nyumba muno, mphuno yanga ikadadziwa sesoni isanadziwe."

"Mkazi amaikira kumbuyo mwamuna wake, n'chinthu chabwino," adatero a Gideoni mwaulemu, n'kusiya kalata pampando. M'kalatamo mudali mawu oti a Chikoti aimitsidwa pa udindo ndi pa Mgonero kufikira atakaonekera kubwalo.

M'mawa mwake a Nambewe ndi a Edith adawatengera a Chikoti pangolo kuchipatala chaching'ono chapafupi. M'chipinda cha dokotala ankalola wodwala ndi munthu mmodzi. Palibe adafunsa kuti alowe ndani, poti zidali zodziwika. Adalowa a Edith, ndipo a Nambewe adatsala pansi pa mtengo akuyang'anira ng'ombe. Dokotala adafunsa ngati bambowa adagwapo kapena kumenyedwa m'mutu. Za mtanda a Edith sankadziwa, ndipo za kugwa kwa kutchalitchi adachita nazo manyazi. Adayankha kuti ayi. Malungo sadapezeke, magazi ankathamanga pang'ono, ndiye adapatsidwa mapiritsi n'kubwerera.

Patatha masiku atatu a Chikoti adalephera kugwira kapu. Ankangogona masana onse, ndipo powadzutsa ankatchula akazi awo dzina la malemu amayi awo. Ulendo uno a chipatala chaching'ono adawatumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ndipo amayi awiriwa adapita nawo.

Amene sadadikirireko wodwala m'wodi sadziwa kuchuluka kwa ntchito yomwe imagwiridwa ndi anthu osavala yunifolomu. Kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kumudyetsa phala ndi supuni, kukataya za m'chikombe, kuchapa zofunda, kukaphika kukhitchini ya odikirira odwala ndi nkhuni zogula. Malo a a Nambewe adali pansi, pambali pa bedi, pa chitenje. A Edith, poti ndi aakulu, ankakhala pakampando.

Tsiku lachiwiri m'mawa kudafika dokotala wamkazi, wachitsikana, ndi anamwino awiri. Adakweza manja a wodwala, lamanja lidagwa lokha. Adaunika m'maso, kenaka adafunsa funso lomwe lija.

"Sadagwepo, mwanangu," adayankha a Edith.

A Nambewe adandiuza kuti apa adadzimva ngati aba chinthu. Kuyankhula pamwamba pa mlamu wamkulu sadachitepo chikwatiwire. Adagwada.

"Pepani alamu, pepani adokotala. Adagunda mutu ku mtanda wa chigafa. Apa, pamwamba pa khutu ili."

"Liti, mayi?"

"Tsiku la mwezi sindikulidziwa. Lidali Lachinayi. Koma chichitikireni ndawameta kasanu ndi kawiri, ndipo ndimameta Loweruka lokhalokha."

Dokotala adawerenga pa zala, n'kuyang'ana anamwino aja. Kenaka adakhala pamphepete pa bedi n'kufotokoza. Adati munthu wachikulire akagunda mutu, nthawi zina kamtsempha kamang'ambika m'kati, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono kwa masabata, mpaka amadzapanikiza ubongo. Munthu amadzandira, mawu amalemera, amaiwala. Adati chipatalacho chili ndi dokotala wa opaleshoni za m'mutu, ndipo opaleshoniyo ndi yaulere, koma sangatsegule mutu asanaone chithunzi cha m'kati mwake. Makina ojambulira a pamenepo adali atawonongeka, ankadikira chitsulo chochokera kunja. Ojambula ena adalipo pachipatala cholipira, mumzinda momwemo.

"Kodi muli ndi inshulansi ya zachipatala?"

"Ife ndi alimi, mwanangu," adatero a Edith. "Zimenezo ndi za apantchito."

A Nambewe adali ataziona kale zimenezo. Dzulo lake pabedi loyandikana padali dalaivala wa kampani ina yemwe adachita ngozi. Mkazi wake adatulutsa kakhadi m'chikwama, ndipo dzuwa lisanapendeke galimoto idabwera kudzamutenga. Kwa wopanda khadi, chithunzicho chinkafuna K150,000 ya pamanja.

"Makina a kuno adzakonzedwa liti?" adafunsa a Nambewe.

"Mwina masabata awiri, mwina atatu. Sindikunamizani mayi, bambowa alibe masiku amenewo."

Fodya adali m'chigafa, wosasankha, wosadinda, ndipo kugulitsa fodya wa mwamuna mwini wake ali chigonere sikudali kwa iwo. Koma mtedza udali wawo. Udali utakumbidwa kale, ukuuma m'munda. A Nambewe adabwereka foni n'kuimbira mayi Jenipher, wapampando wa Chigwirizano cha amayi pampingo pathu.

M'mawa mwake tidasonkhana amayi khumi ndi anayi pabwalo la a Chikoti. Ena adakana kubwera, amvekere sangathyoke zala chifukwa cha chidakwa. Mtedza wosaswa mavenda amagula mtengo wozizira, ndiye tidayenera kuuthothola ndi kuuswa womwe. Tidakhala mozungulira mulu, malichero pamiyendo.

"Inu a Hannah, mukuswa kapena mukudya?" adafunsa mayi Jenipher.

"Ndikuona ngati wauma."

"Mwakhala mukuona chiyambire m'mawa. Tikakupimani pasikelo inuyo ndalama ikwana."

Masiku awiri tidaswa mpaka zala kuchita matuza. Padatuluka matumba asanu. Hilda, mwana wa a Chikoti, adakweza matumbawo pangolo pamodzi ndi mbuzi ziwiri za amake n'kukagulitsa pa Nsaru. A Nambewe adati asasiye ngakhale wambewu. Ndalama idapita pafoni Lachinayi m'mawa, ndipo masana ake a Chikoti adajambulidwa.

Chithunzi chidaonetsa zomwe dokotala ankaganiza. Mbali yamanzere kudali chinthu chonga mwezi wongooneka kumene, chitakankhira ubongo mbali ina. Dokotala wa opaleshoni adati aboola timabowo tiwiri pachigaza kuti magazi akalewo atuluke, ndipo achita mawa lomwe. Namwino adabwera ndi pepala loti wachibale asaine.

A Edith adapinda manja. "Mutu wa munthu si dzungu loti n'kuboola. Mlongo wanga ndimutenga, akagone m'nyumba mwake, timupempherere. Mulungu akafuna adzuka."

Namwino adayang'ana a Nambewe. "Mayi, inu ndinu akazi awo. Lamulo likukulolani kusaina nokha."

Lamulo linkawaloladi. Koma a Nambewe ankadziwa zomwe zikadachitika a Chikoti akadatsikira ku opaleshoniko osadzukanso. Pamaliro pakadamveka kuti mkazi wobwera adapereka mutu wa mwini mudzi kwa anthu a mipeni, abale atakana. Ndipo ankadziwanso kuti a Edith sankayankhula mwankhanza. Ankaopa, komanso ankadziwa kuti kunyamula wodwala kupita naye kumudzi n'kotchipa kusiyana ndi kunyamula maliro. Adapempha namwino kuti awapatse kanthawi, n'kuwatengera alamu awo panja, pakapinga pomwe odikirira odwala amayanika zochapa.

"Alamu, tikapita nawo kumudzi, akafa."

"Mwasanduka Mulungu inu?"

"Ayi. Koma ndawatembenuza masiku asanu ndi limodzi, ndikumva m'manja mwanga kuti akupita. Ndipo akafa ali ndi kalata ija. Mukudziwa mmene mpingo umaikira munthu woimitsidwa chifukwa cha mowa. Abusa sabwera, kwaya siimba, amayi savala yunifolomu. Mlongo wanu, amene watumikira zaka zonsezi, adzapita kumanda mwakachetechete ngati chidakwa."

A Edith adati, "Tikawaonetsa chithunzicho."

"A Gideoni adzaonamo chiyani? Ine ndemwe ndangoona mdima ndi kuyera. Chithunzi sichiyankhula, alamu. Adzuke akadziyankhire okha."

"Nanga akapanda kudzuka?"

"Ndiye tisaine tonse awiri. Akatinena, atinene tonse."

A Edith adapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Adati pamene Overton adali wamng'ono adamugwetsa kuchokera kumsana ali kumtondo, ndipo amayi awo adawakwapula. "Chiyambire tsiku limenelo mutu umenewu ndimauopa," adatero. Atabwerera m'wodi, a Nambewe adalemba dzina lawo pang'onopang'ono, zilembo za sitandade sikisi, ndipo a Edith adadinda chala pambali pake.

M'mawa mwake namwino adabwera ndi lezala. A Nambewe adatambasula dzanja. "Ndipatseni, mwanangu. Mutu uwu ndimaudziwa." Namwino adawaonetsa pofunika kumeta, mbali yamanzere yokha, ndipo iwo adameta monga amachitira pakhonde, chala chimodzi chikutsogola, lezala likutsata. Kadali koyamba kuwameta tsiku losakhala Loweruka.

Opaleshoni sidakwane maola awiri. Amayi awiriwa adadikira pabenchi, a Edith akuimba nyimbo ya m'buku motsitsa mawu, a Nambewe akusoka batani la malaya a amuna awo lomwe silidali lothothoka kwenikweni. Wodwala adatuluka ali ndi bandeji ndi kachubu kotulutsa magazi akuda ngati khofi. Tsiku limenelo adangogona.

Kutacha, a Nambewe adabwera ndi phala kuchokera kukhitchini. Adapeza maso ali tong'o. Dzanja lamanja, lomwe lidali lakufa sabata yathunthu, linkapapasa m'mutu.

"Nambewe," adatero a Chikoti, mawu ali mbee, "ndani wandimeta mbali imodzi ngati wamisala?"

A Nambewe adaika phala pansi. A Edith adayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi mpaka namwino adabwera kudzawakhazika chete.

"Ndipo kuno n'kuti? Fodya uja wasankhidwa?"

"Idyani phala, abambo ake Hilda. Fodya sathawa."

Adatuluka patatha masiku asanu ndi anayi, akuyenda okha ndi ndodo. Potsanzika kukhitchini, a Nambewe adasiyira nkhuni zotsala ndi poto wawo mtsikana wina wa ku Chiwamba, yemwe mwana wake adali ndi mutu womwe unkangokulirakulira. Nayenso adauzidwa za chithunzi. Iye adalibe mtedza, ndipo ankadikira chitsulo chija. A Nambewe mpaka lero sadziwa kuti zidatha bwanji.

A Gideoni adabwera sabata lomwelo, chipewa chili m'manja. A Chikoti adawapatsa Baibulo lawo lomwe kuti asankhe paliponse. A Gideoni adatsegula m'buku la Mbiri, pamene pali mayina okhaokha ovuta, kaya mwadala kaya mwangozi, ndipo a Chikoti adawerenga mutu wonse osapunthwa.

"Akulu anzanga, tidalakwa," adatero a Gideoni. "Kalata ija ibwezeni."

"Funsani mayiwa, ndiwo amasunga zinthu."

A Nambewe adalowa m'nyumba n'kubwera nayo. A Gideoni adaipinda kanayi n'kuiika m'thumba. Pochoka adaima pang'ono pafupi ndi mayiwo n'kunena motsitsa kuti, "Za mphuno zija mudanena zoona, mayi."

Lamulungu loyamba atabwezeredwa pa udindo, a Chikoti adaima kuthokoza. Adathokoza Mulungu, madokotala, abusa, ndi akulu a mpingo chifukwa cha mapemphero. Atatsala pang'ono kukhala pansi, mawu a a Edith adamveka kuchokera mbali ya amayi.

"Overton, mtedza udaswa wokha?"

Tchalitchi chonse chidaseka, abusa omwe. A Chikoti adaimanso, n'kuthokoza amayi a Chigwirizano. Dzina la akazi awo sadatchule, poti kuno mwamuna kuyamika mkazi wake pagulu amati n'kudzitama. A Nambewe akuti sadadandaule. Ine ndidadandaula pang'ono m'malo mwawo.

Chaka chimenecho chidali chowawa. Fodya adapita ku okushoni mochedwa ndipo adagulidwa motsika. Khola la mbuzi lidakhala lopanda kanthu. Nyengo yodzala itafika, kamunda ka kuseri kwa dambo kakadagona, koma amayi aja aliyense adabwera ndi mbale ya mtedza wambewu. Wa mayi Hannah udali wochepa kuposa wa onse, ndipo mayi Jenipher sadalephere kunenapo.

Inshulansi alibe mpaka lero. A Nambewe adafunsako mwamuna wa Hilda za mtengo wake pamwezi, atamva adangoti, "Basi, tizingosamala mitu." Chomwe adatha kuchita adachita. Adaitana wopala matabwa kuti akweze mtanda uja, ndipo a Chikoti atakana kuti chigafa chingafooke, iwo adaukulunga ndi matumba akale a feteleza n'kumangapo kansalu kofiira. Nthawi yopachika fodya ikafika, aliyense wolowa m'chigafamo amamva mawu awo kumbuyo: "Weramani!"

Loweruka lapitali ndidadutsa pakhomo pawo masana ndikuchokera kuchigayo. Kampando kadali pakhonde, beseni pambali. A Chikoti adali atatsinzina, chitenje m'khosi. Pamwamba pa khutu lamanzere pali timaenje tiwiri tomwe chala chimalowa pang'ono. A Nambewe akafika pamenepo amachepetsa dzanja, n'kuzungulira kamodzi ndi kamodzi.

"Mukuchedwatu pamenepo," adadandaula a Chikoti osatsegula maso.

"Khalani chete, mungadzicheketse," adatero a Nambewe. "Pamenepa padalowa mtedza wanga wonse."